Zofiira pansi, zoyera pamwamba: zimene tinaona ku Chentcherere

Anzanga a Fomu 1 ndi Fomu 2, makamaka inu amene mumati History ndi yongoloweza, taimani kaye muwerenge belu lisanalire.

Loweruka lapitali ife a kalabu ya Wildlife tinayenda wapansi kupita ku mapanga a Chentcherere, m'nkhalango ya Chongoni konkuno ku Dedza. Tinapita ndi madamu athu a History. Pobwera anati aliyense alembe zimene waona, ndiye zanga ndi zimene asankha kuti zikhomedwe pano. Sikuti ndinalemba bwino kuposa anzanga ayi. Anati andisankha chifukwa ndili ndi mlandu. Mlanduwo muumva kutsogoloku.

Tinanyamuka 6 koloko m'mawa, aliyense ndi botolo la madzi ndi kamba wake, ena mbatata yootcha, ena chigumu. Tinadutsa m'minda anthu akumalizitsa mizere, kenako tinalowa m'mapaini obzalidwa. M'mapaini mumakhala zii, pansi pali masamba ouma okhaokha, udzu ndi wochepa. Koma titangolowa m'nkhalango yachilengedwe zinthu zinasintha. Mitengo yake ndi yomwe ija timaidziwa tonse: mombo, tsamba, mchenga ndi msuku. M'buku la Geography nkhalango yotere amaitchula kuti miombo, ndipo dzinali mukulimva nokha kuti ndi pachibale ndi mombo wathu yemweyu amene timasendako luzi. Ine ndinkaona ngati miombo ndi chinthu cha kunja chifukwa chalembedwa m'buku la Chingerezi, eti ndi kuseri kwa nyumba yathu.

Pano ndi Novembala, ndiye masuku ayamba kugwa. Tinachedwa pafupifupi theka la ola chifukwa cha masukuwo, mpaka madamu anachita kukalipa, koma nawonso m'chikwama munali modzadza. Ali pansi pa msuku anatiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Bowa amene amayi athu amazula m'nkhalango mvula ikagwa amakhala molumikizana ndi mizu ya mitengo imeneyi. Bowayo amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere ya m'nthaka, mtengowo n'kumamupatsa chakudya chimene masamba apanga. N'chifukwa chake bowa wamtunduwu simungamupeze pakati pa munda wa chimanga. Titayenda pang'ono tinapeza malo amene munthu anaotchapo makala, zitsa zili mbwee, dothi lapsa. Palibe analankhula, poti ena a ife fizi yathu imachokera momwemo. Koma aliyense anadziwerengera yekha kuti pamenepo bowa watha.

Kukwera kwenikweni kunayamba cha m'ma 9. Njira ndi yamiyala, ndipo amene anavala masilipasi analira nawo. Pa thanthwe lina tinaona mbira zikuwothera dzuwa, zitationa zinalowa m'ming'alu. Kenako tinakumana ndi bambo amene amayang'anira malowa, iwo n'kutitsogolera.

Mukamva kuti phanga musaganize za dzenje lamdima ngati la fisi. Ndi chimwala chachikulu chimene chapendekeka n'kupanga denga, moti mvula siifika kukhoma. Pakhoma pamenepo ndi pamene pali zojambula. Malo otere m'dera la Chongoni alipo 127, pa malo okwana masikweya kilomita 126, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo ofunika ku dziko lonse lapansi. Amene alendo amapitako kawirikawiri ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi.

Tsopano phunziro lenileni ndi ili, ndipo a Fomu 2 mulisunge poti JCE ikubwera. Ukafika pakhoma paja usathamangire kufunsa kuti ichi n'chiyani. Yamba wayang'ana mtundu. Pali zofiira ndi zoyera, ndipo anajambula si anthu amodzi.

Zofiira ndi za Akafula, amene mabuku ena amawatchula kuti Abatwa. Ndi omwe aja agogo amasimba kuti ukakumana nawo ankafunsa kuti, "Mwandionera pati?" Ukayankha kuti pompano, waputa nkhondo chifukwa wawanena kuti ndi aafupi. Wanzeru ankayankha kuti ndakuonerani kutali uko. Anthu amenewa sankalima kapena kusula zitsulo. Ankasaka nyama, kufula uchi, kukumba mizu ndi kutola zipatso, mwina masuku omwewa amene anatichedwetsa ife. Zida zawo zinali zamiyala, mafupa ndi mitengo. Zojambula zawo zambiri si nyama monga ndinkaganizira, koma mizere yondondozana, zozungulira, zina zozungulira mkati mwa zinzake, zina zokhala ngati dzuwa. Utoto wake ankaupanga popera miyala kapena dothi lofiira lokhala ndi chitsulo, chomwe chija chimafiiritsa katondo. Utoto wotere umalowerera m'mwala, n'chifukwa chake ukuonekabe ngakhale wazilala. M'zaka za m'ma 1970 katswiri wofukula zakale dzina lake J. Desmond Clark anakumba pansi pa phanga lina la pa Chentcherere pomwepa n'kupeza tizida tamiyala ndi mafupa a nyama, zosonyeza kuti anthu ankakhalapo zaka zoposa 2,000 zapitazo. Zimene timalemba m'makope kuti Late Stone Age, ife tinaima pamwamba pake ndi masilipasi athu.

Zoyera ndi za makolo athu Achewa, anthu olima ndi osula makasu. Iwo ankagwiritsa ntchito dothi loyera, n'kumapaka ndi chala. Ukayandikira umaona kuti mzere uliwonse kunenepa kwake ndi kwa chala cha munthu. Pa Chentcherere zambiri zimaoneka ngati buluzi kapena chikopa cha nyama choyanikidwa, miyendo ili tambalale, ngati ukuchiyang'ana uli pamwamba pake. Zina zili ndi madonthomadontho. Ofufuza amati zimenezi zinkagwira ntchito pa chinamwali cha atsikana, anamkungwi akamalangiza anamwali kumalo obisika. Ndiye kuti khoma lija linali bolodi, phangalo linali kalasi.

Nditafika kunyumba ndinawafunsa agogo anga aakazi tanthauzo la chinthu chonga buluzi chija. Anandiyang'ana n'kuseka. "Iwe mphongo, za akazi ukuzifuniranji? Kadye nsima uko." Ndinakakamira kuti agogo, ndi za kusukulu. Anati, "Aphunzitsi akowo ngati anavinidwa akudziwa, ngati sanavinidwe asadziwe." Nkhani inathera pomwepo. Poyamba zinandinyansa, koma kenako ndinaona kuti yankho lawolo landiuza kanthu: zojambulazo eni ake alipo, ena tikudya nawo mbale imodzi.

Nanga tidziwa bwanji kuti zofiira ndiye zakale? Apa madamu sanatiuze, anati tipeze tokha. Tinayang'anitsitsa mpaka mtsikana wina wa Fomu 1 anati, "Madamu, choyerachi chakwera pa chofiira." Basi, yankho ndi lomwelo. Pamene ziwirizi zakumana, choyera chimakhala pamwamba. Ukazira nyumba, dothi la lero limaphimba la chaka chatha. Funso limeneli likadzabwera pa mayeso musadzati simunauzidwe.

Ku Namzeze sitinafike, miyendo inakana. Koma bambo aja anatiuza kuti kumeneko zoyera zake ndi zina, ndi zilombo za gule wamkulu monga kasiyamaliro, ndipo ojambula ake anali amuna. Zimenezi si zakale kwambiri. M'zaka za m'ma 1800 Angoni atafika m'dera lino, Achewa ambiri anathawira m'mapiri. Pambuyo pake amishoni ndi boma la atsamunda nawonso ankadana ndi gule. Ofufuza amati nthawi yovuta imeneyi ndi imene amuna ankajambula zilombozo m'mapanga, pophunzitsana mobisa. Kujambula kunapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1900. Gule yemweyo amene ankabisidwa m'phanga, UNESCO inamulemekeza m'chaka cha 2005. Kaya kwanu ndi a mpingo ngati kwathu, kaya ndi a gule, mbiriyi ndi yathu tonse ndipo pa mayeso safunsa kuti umapemphera kuti.

Tsopano mlandu wanga uja.

Pamwamba pa zofiira ndi zoyera pali mtundu wachitatu umene m'buku mulibe: makala ndi choko. Maina a anthu, maina a masukulu, zaka, mitima yolasidwa ndi muvi. Tikuwerenga mainawo n'kumaseka, mnzanga wina anakuwa kuti, "Aise, ili si dzina lako ili?" Linali langa ndithu, ndi "Std 6" pambali pake. Ndinali nditaiwala. Chaka chimenecho tinapita kokazula bowa ndi asuweni anga, mvula inatipeza, tinabisala m'phangamo, tinakoleza moto kuti tiwothe, ndipo ine ndinatola khala n'kulemba. Chilembo changa chomaliza chinadutsa pa mwendo wa chojambula choyera. Sindinkadziwa kuti n'chiyani, ndinkangoti ndi zolembalemba za anthu ena ngati ine.

Anzanga anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ine manyazi anandigwira, ndinavula malaya, ndinatsegula botolo la madzi kuti ndinyowetse ndipukute. Bambo oyang'anira aja anandigwira dzanja msangamsanga. Anati, "Mwana wanga, usayerekeze. Ukapukuta uchotsa ndi chojambula chomwe." Anafotokoza kuti dothi loyera lija silinalowe m'mwala ngati lofiira, linangomata pamwamba, ndiye madzi ndi nsalu zimalichotsa kamodzi n'kamodzi. Ngakhale kugwira ndi dzanja n'koletsedwa chifukwa thukuta ndi mafuta a m'manja zimatsalira pamwalapo. Ena akuti amathira madzi dala kuti chithunzi cha pafoni chiwale, osadziwa kuti akupha chinthu chomwe akuchijambulacho. Ndipo moto umene tinakoleza tsiku lija unali woipa kuposa dzinalo, chifukwa mwaye umadetsa khoma ndipo kutentha kumasendula mwala. Anawonjeza kuti malowa ndi otetezedwa ndi lamulo, kulembapo ndi mlandu weniweni, osati wa kwa ahedi.

Ndinafunsa kuti nanga dzina langalo lichoka bwanji. Anati alipo akatswiri amene anaphunzira kuchotsa makala osakhudza utoto, ndipo ntchito yake ndi yapang'onopang'ono, kachigawo kochepa kamatha kudya tsiku lathunthu. Kufikira atabwera, lisiyidwe momwemo.

Tinatsika phiri cha m'ma 2 koloko, mitambo itayamba kuda. Njira yonse anzanga ankandiitana kuti Kafula wa Sitandade 6, ndipo ndikumva kuti dzinali lafika kale ku Fomu 4. Teremu ya mawa kalabu ikukonza zopita ku Namzeze. Amene mukufuna kupita nawo mukalembetse kwa madamu a History Lachitatu tikaweruka, mudzavale nsapato zotseka, ndipo choko cha m'kalasi chidzatsale m'kalasi. Akuti ine ndi amene ndizidzasecha m'matumba.