Kusandutsa Zaka Kukhala Masekondi

Cholinga cha phunziroli ndi kutithandiza ife aphunzitsi a mawa kutsogolera ana powerengera masekondi amene ali m'zaka zingapo, poyamba m'Chinyanja, kenako m'Chipwitikizi.

Ana amafika pa mutu umenewu atazolowera miyeso yoyenda m'makumi: mita ili ndi masentimita 100, kilogalamu ili ndi magalamu 1 000. Nthawi siyenda motero. Mwana wosachenjezedwa amalemba kuti ola lili ndi mphindi 100, ndipo masamu ake onse otsatira amasokonekera. Nchifukwa chake tiyenera kutsika makwerero limodzi limodzi, osalumpha:

mphindi 1 = masekondi 60
ola 1 = mphindi 60 = masekondi 3 600
tsiku 1 = maola 24 = masekondi 86 400
chaka cha masiku 365 = masekondi 31 536 000

Mzere uliwonse auwerengere okha pa bolodi, ife tikungofunsa kuti: "Tichulukitsa ndi nambala iti, nanga chifukwa chiyani?"

Tisanapitirire, tikonze mawu. M'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku, "mphindi" ndi kanthawi kalikonse kochepa, monga ponena kuti "dikirani kamphindi". M'masamu mphindi ndi masekondi 60 enieni. Nawonso mawu a Chipwitikizi akuti segundo ali ndi matanthauzo awiri: sekondi ya pa wotchi, ndiponso "wachiwiri". Tikapanda kulekanitsa zimenezi m'chilankhulo chimene mwana anayamwira, adzaloweza nambala popanda kumvetsa chimene akuwerenga.

Msampha wina ndi wa zaka za masiku 366, zimene mwezi wa Febuluwale umakhala ndi masiku 29. M'Chipwitikizi chaka chotere ndi ano bissexto. Chaka chimakhala chotero ngati nambala yake igawika ndi 4 popanda chotsala. Koma zaka zothera ndi 00 ziyenera kugawikanso ndi 400. Motero 2000 chinali ndi masiku 366, pamene 2100 chidzakhala ndi 365.

Chitsanzo: dziko lathu linalandira ufulu wodzilamulira pa 25 Juni 1975. Kodi panadutsa masekondi angati kufikira pa 25 Juni 2025?

Zaka ndi 50, ndipo 50 × 365 = masiku 18 250. Zaka za masiku 366 m'nyengoyi ndi 13, kuyambira 1976 mpaka 2024. Tikaphatikiza tipeza masiku 18 263. Pomaliza, 18 263 × 86 400 = masekondi 1 577 923 200.

Woiwala masiku 13 aja apeza 1 576 800 000, ndipo wataya masekondi 1 123 200, pafupifupi milungu iwiri yathunthu. Yankho lotere tisangolichonga kuti nlolakwa. Timfunse mwanayo kumene masiku a 29 Febuluwale apita, kuti cholakwacho achipeze yekha.

Mwana akatha kufotokoza njira yonseyi m'Chinyanja, ndi pamene tingampatse mawu akuti ano, dia, hora, minuto ndi segundo, pakuti tsopano ali ndi poakoleka.

Ntchito ya m'magulu: werengerani masekondi ochokera pa 1 Januwale 2021 kufikira kumapeto kwa 31 Disembala 2024. Kenako lembani mafunso atatu m'Chinyanja amene mungafunse mwana amene wapeza masiku 1 460 m'malo mwa 1 461.