Makalata a Omvera: Mlonda wa Kompyuta Yapakhomo

Zikomo kwambiri mayi athu a ku Highfields, mumzinda wa Leicester, chifukwa cha kalata yanu. Mwati pa kompyuta ya ana anu pakumatuluka uthenga wakuti yagwidwa ndi virus, mulipire msanga. Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula.

Mayi, musalipire, ndipo ngati uthengawo uli ndi nambala ya foni, musaimbe. Otumiza uthengawo ndi akuba. Ngati kompyutayo ili ndi Windows 11, mlonda alimo kale, Microsoft Defender, ndipo ndi waulere. Mukafuna wina, monga Bitdefender kapena Norton, mugule kwa eni ake. Sankhani mmodzi, chifukwa awiri amalimbana okhaokha. Ngati ili ndi Windows 10, Microsoft inasiya kuisamalira mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, choncho ganizirani zosintha.

Ma update akabwera, musazengereze. Mukukumbukira kuti mu Marichi 2024 ngakhale Leicester City Council inazimitsa makompyuta ndi mafoni ake akuba atalowerera.

Zithunzi za kumudzi ndi makalata a visa muzisungenso pa hard drive ina, kuti zisatayike kompyuta ikagwidwa ndi virus. Meseji yokayikitsa ya pafoni muitumize ku 7726, ndi ulere. Mutilemberenso, mayi, timve mmene zayendera.