Phunziro la Mwezi Uno: Miyala ya Chikumbutso ku Mua

Kuwerenga: Yoswa 4:1-9, 19-24

Amayi anzathu mwa Ambuye, m'ndime tawerengayi Yoswa akulamula amuna khumi ndi awiri kuti atole miyala pakati pa mtsinje wa Yordano, ndipo miyalayo akuiimika ku Giligala. Cholinga chinali chakuti ana akadzafunsa tanthauzo lake, makolo adzakhale ndi poyambira kufotokoza. Lero tiphunzira za malo amodzi akale achikhristu kuno kwathu, mishoni ya Mua m'boma la Dedza. Ndi ya abale athu a Katolika, koma zimene asunga kumeneko zitithandiza kudziyang'ana tokha.

Mukamayenda pa msewu wa kunyanja kuchoka ku Golomoti kulowera ku Mtakataka, Mua ili kumanzere, m'tsinde mwa mapiri, pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe. Amishonale a chipani cha White Fathers adamanga hema wawo pamenepo mu September 1902. Aka sikadali koyamba kuti chipanichi chibwere kuno. Anzawo adakhalako kwa Mponda ku Mangochi mu 1889, koma adachoka mu 1891 ntchito isanazike mizu. Ku Mua adapirira kutentha ndi malungo mpaka adakhazikika. Mu 1908 adatsegula mishoni ina ku Mtakataka, m'dera la mfumu ya Angoni, Kachindamoto, ndipo mu 1910 adakwera mtunda kukatsegula ya Bembeke, kozizira.

Mu 1927 ku Mua kudatsegulidwa malo osamalirako odwala khate. Tikumbukire kuti masiku amenewo wakhate ankasalidwa ngakhale ndi abale ake. M'dera lomweli mudabadwira Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kukhala wansembe wa Katolika, yemwe mu 1957 adadzozedwa kukhala bishopu ku Dedza. Ife a Anglican tidadikira mpaka 1965 kuti tione mwana wa dziko lino, Josiah Mtekateka wa ku Likoma, atavala chisoti cha ubishopu.

Chimene chimakoka alendo ambiri ndi Kungoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe Bambo Claude Boucher, wa ku Canada, adayambitsa mu 1976. Adapatsidwa mfunda woti Chisale. M'nyumba ya Chamare asungamo zithunzi za amishonale oyamba, mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, ngakhalenso zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Izi n'zodabwitsa, pakuti m'zaka za m'ma 1920 ansembe a ku Mua ndi anyau sankamwerana madzi. Ena mwa ife sitingamasuke kulowa m'chipinda chimenecho, ndipo sitikukakamiza munthu. Koma tivomereze kuti anzathuwa ali ndi choonetsa mwana akafunsa za kale, zokoma ndi zowawa zomwe.

Tsono pali chinthu chimodzi chomwe chimatiwawa ife amayi tikamamva mbiri ya mishoni iliyonse, ya Katolika kaya yathu. Maina a ansembe adalembedwa, ndi chaka chomwe adafika. Nanga njerwa zimaumbidwa popanda madzi? Tonse tikudziwa amene amasenza mtsuko m'midzi mwathu. Adatunga madzi, adaphikira amisiri, adazira pansi, adasesa pabwalo, koma ambiri a iwo agona m'manda opanda dzina. Taganizani za tchalitchi chathu chachikulu cha Petro Woyera ku Likoma, chomwe adayamba kumanga mu 1903 n'kuchipatula mu 1911. Ndani mwa ife angatchule mayi ngakhale mmodzi amene adasenzako mwala? Dzina la Bishopu Chauncy Maples, yemwe adamira m'nyanja mu 1895 n'kuikidwa ku Nkhotakota, timalidziwa, ndipo n'koyenera kutero. Koma amayi amene adayambitsa Mothers' Union pa tchalitchi chathu chenicheni, tikuwadziwa?

Nkhaniyi ndi yofulumira. Agogo amene akukumbukira tchalitchi choyamba cha udzu akutha mmodzimmodzi, ndipo maliro aliwonse amapita ndi zambiri zomwe sitidafunse. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati m'maparishi ena akungokhala m'katoni pansi, pomwe chiswe ndi mvula yodontha zikuchita nawo zofuna zawo. Tsiku lina mdzukulu adzafuna chiphaso cha ubatizo wa make, n'kupeza tsamba lija lidadyeka. Kumanda nako mitanda yamatabwa imaola, ndipo moto wa lupsa umamaliza yotsalayo.

Ntchito imeneyi sifuna ndalama zambiri. Gulu lililonse ligule kope limodzi lachikuto cholimba, lisankhe amayi awiri odziwa kulemba bwino, ndipo atengeko mtsikana mmodzi kuti naye amve. Apite kwa agogo atatu okalamba kwambiri pa mpingo, atanyamula kashuga, akakhale pamphasa osathamangira. Akafunse kuti mapemphero adayambira pansi pa mtengo uti, katekisiti woyamba adali yani, adapereka malo ndi amfumu ati, ndipo amayi oyamba kuvala yunifolomu adali ndani. Za mabuku a mpingo tikambirane mwaulemu ndi abambo ansembe ndi akuluampingo, mwina gulu lathu lingathe kugula bokosi lachitsulo. Kumanda tisapiteko tokha. Tiyambe tapempha kwa amfumu ndi eni mbumba monga mwa mwambo.

Pa msonkhano wa mwezi wamawa gulu lililonse libwere ndi kope lake, ndipo maina a amayi amene tawapeza tidzawawerenge mokweza pa nthawi ya mapemphero.