Giza Ikudontha M'nyengo Yozizira

Funso: Kuno ku Dedza, June akafika timayatsa giza usiku wonse, koma kapaipi kake kapanja kamangodontha. Kodi yawonongeka?

Yankho: Musade nkhawa msanga, mayi. Madzi akatentha amafufuma: kuchoka pa madigiri 10 kufika 60, malita 100 amawonjezeka ndi malita pafupifupi 2. Valavu ya giza imataya owonjezerawo kudzera m'kapaipi kaja kuti thanki isaphulike, choncho chonde musatseke kapaipiko. Koma kakamadonthabe giza itazizira, valavu yatha kapena mwalowa mchenga. Kakamatulutsa nthunzi, zimitsani magetsi pompo ndipo itanani pulambala aone thermostat. Ngati pali kathanki kampweya kolandira madzi owonjezerawo, pulambalayo akapope mpweya. Pakatuluka madzi popoperapo, mphira wamkati wang'ambika, kasinthidwe.