Makalata a Omvera: Zida Zokonzera Njinga Yamoto Yakale

Zikomo kwambiri bambo athu a ku Tsangano, m'boma la Ntcheu, chifukwa cha kalata yanu. Mwati muli ndi Yamaha DT 125 imene munasiyiridwa ndi malume anu, ndipo mukufunsa zida zoyenera kugula.

Poyamba, njinga za ku Japan zimayendera mamilimita. Pezani masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, makamaka amene mbali ina ndi yotsekeka ngati mphete, chifukwa amagwira nati mbali zonse. Shifitingi ndi pulayazi musamamasulire mabawuti, zimadya makona ake mpaka mutu kukhala wobulungira. Masikuluwu a pa injini, aja ena ali ndi kadontho pamutu, ndi a mtundu wa JIS. Sikuludilaiva wamba imaterereka n'kuwafumbula, choncho funsani ya JIS kapena impact driver, ija yomenya ndi hamala.

Muwonjezere sipanala ya pulagi, zitsulo ziwiri zochotsera tayala, pampu ndi zigamba. Injini ya njinga imeneyi ndi ya two-stroke, ndiye oyilo wa 2T asamathe, komanso pulagi yapadera izikhala m'chikwama. Fumbi ndi matope a misewu yakwanuko zimadya tcheni, muzilitsuka ndi palafini n'kulidzoza oyilo.

Mukatsikira pa Boma kukagula, nyamulani nati yakale mukayeserepo, ndipo yang'anani sipanala yolembedwa chrome vanadium. Yotchipa kwambiri imapindika msanga. Muzigula chimodzichimodzi bambo, kuyambira sipanala ya 10 ndi ya pulagi.