KUPHUNZITSA MANAMBALA AAKULU: CHIŴERENGERO CHA ANTHU A M'BOMA LA MWANZA

Ana ambiri a m'makalasi apamwamba amachita mantha akaona nambala yaitali pa bolodi. Mphunzitsi wanzeru amasankha nambala imene ili ndi tanthauzo kwa anawo. Pa kalembera wa m'chaka cha 2018, boma la Mwanza linapezeka ndi anthu 130,949. Tiyeni tione m'mene nambala imeneyi ingatithandizire.

Cholinga: Pakutha pa phunziro, ana adziŵe kuti mtundu wa nambala sauweruza poiyang'ana chabe, koma poiyesa.

Choyamba: Kuŵerenga nambala

Lembani 130,949 pa bolodi. Ana anene malo a chizindikiro chilichonse. Afunseni kusiyana kwa 9 woyamba ndi 9 wotsiriza: wina akuimira 900, wina 9 chabe. Musapitirire ana asanamvetse ntchito ya 0, amene akusunga malo a zikwi.

Chachiŵiri: Kuyesa kosavuta

Nambalayi ikuthera pa 9, choncho sigaŵika ndi 2 ngakhalenso ndi 5. Tikaphatikiza zizindikiro zake, 1 + 3 + 0 + 9 + 4 + 9, tipeza 26. Popeza 26 sagaŵika ndi 3, nambala yonse sigaŵikanso ndi 3.

Apa ndi pamene pagona ngozi. Ana ambiri adzafulumira kunena kuti nambalayi sigaŵika ndi ina iliyonse koma 1 ndi iyo yokha, mtundu umene mabuku a Chingerezi amautcha prime number. Musaŵadzudzule, ndiponso musaŵauze yankho.

Chachitatu: Milu ya manachesi

Ana a ku Mwanza amadziŵa kuika manachesi m'milu pamsika. Gaŵani kalasi m'magulu, gulu lililonse litole timiyala 91 toimira manachesi. Ayese kupanga milu yofanana popanda chotsala. Milu iŵiri, itatu ndi isanu idzakanika, koma adzapeza kuti milu 7 ya timiyala 13 itheka. Motero adzaona okha kuti 91, ngakhale amaoneka wosagaŵika, ndi 7 x 13.

Tsopano abwerere ku nambala yathu. Akagaŵa 130,949 ndi 7 apeza 18,707 popanda chotsala. Akagaŵa 18,707 ndi 13 apeza 1,439. Choncho 130,949 = 7 x 13 x 1,439.

Chachinayi: Tilekere pati?

Mwana wochenjera adzafunsa ngati 1,439 naye agaŵika. Inu mphunzitsi muyenera kukonzekera funso limeneli. Popeza 38 x 38 ndi 1,444, amene aposa 1,439, tiyesa manambala osagaŵika kulekezera pa 37 basi: 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23, 29, 31 ndi 37. Palibe ndi imodzi yomwe imene igaŵa 1,439 popanda chotsala. Apa tsono tinganene motsimikiza kuti 1,439 sagaŵika.

Ntchito yochita ana

Pa kalembera yemweyo, dziko lonse la Malaŵi linali ndi anthu 17,563,749. Ana ayese ngati nambalayi igaŵika ndi 2, 3, 7 ndi 9. (Igaŵika ndi 3 ndi 7 zokha mwa zinayizi.)

Mawu otsiriza

Mwana amene azoloŵera kulosera mayankho pa masamu adzavutika pa mayeso a Sitandade 8, ndipo chizoloŵezi chotere n'chovuta kuchichotsa akakula. Musanakaime patsogolo pa kalasi, yambani mwaŵerengera nokha samu iliyonse pa pepala.