Mtima Ukalema: Phunziro la Amayi m'Miphakati

Amayi anzanga, tikamva za matenda a m'maganizo timangoganiza za munthu wovula zovala pamsika, wofunika kupita naye ku Zomba Mental Hospital. Koma ambiri amene maganizo awo akudwala timakhala nawo pabenchi limodzi pa Misa. Amaphika, amachapa, amaimba kwaya, koma usiku tulo sawona.

Kuno kunyanja nkhawa zambiri zimayambira pansomba. Chambo chinachepa ku Malombe ndi kumwera kwa nyanja ya Malawi, ndipo mwera ukawomba mu June ndi July amuna amangokhala pagombe. Mayi amene anabwereka ku banki m'khonde kuti awode usipa amapeza kuti tsiku lobweza lafika, m'thumba mulibe kanthu. Amathamangira kwa akatapila, ngongole n'kubala ina. Manyazi ndi amene amapweteka kwambiri: amayamba kujomba kumphakati poopa kukumana ndi msungichuma wa gulu. Ife timati wafooka m'chikhristu, chonsecho munthuyo akubisala.

Ena amuna awo ali ku Joni. Ndalama zikasiya kubwera, foni osayankhidwa, mayi amalera ana yekha uku akuchimuna akumuwerengera mapazi. Kunyumba kumene kuli kachasu, chamba kapena nkhanza, mtima sungapume.

Thupi nalo lili ndi mbali yake. Kuchepa kwa magazi, kudya kamodzi patsiku ndi kusagona mokwanira zimafoola maganizo. Mayi wongobereka kumene amatha kumangolira, osafuna kuyamwitsa, osamva chikondi pa khanda lake. Si ulesi, si ufiti. Ndi matenda, ndipo amachizika. Chizindikiro chake n'chakuti chisonicho chapitirira masabata 2 tsiku ndi tsiku, munthu wataya chidwi pa zimene ankakonda, ndipo kudya ndi kugona kwasokonekera. Ambiri satchula chisoni, amangoti mutu, msana, mtima ukuthamanga.

Tiwerenge 1 Mafumu 19. Mneneri Eliya atatopa mpaka kulakalaka imfa, mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamulola kugona, namupatsa chakudya ndi madzi, kawiri konse. Ife kawirikawiri timafika ndi ulaliki, pamene mnzathuyo akufuna womutungira madzi ndi womumvera.

Kumvetserako ndi mankhwala ndithu. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala, kumva mavuto a munthu ndi kumuthandiza kusankha vuto limodzi loti ayambe kulithetsa. Ife titha kutengerapo: m'malo mwa ngongole yonse, kambiranani za gawo la sabata ino lokha. Koma zimene mwamva zithere pomwepo. Zikangofika kudooko, sadzakuuzaninso kanthu.

Mnzanu akanena kuti kuli bwino kufa, musamuseke kapena kumuopseza ndi tchimo. Mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Kufunsako sikumupatsa maganizowo. Chotsani mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, musamusiye yekha, ndipo mumuperekeze tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi kapena ku chipatala cha boma cha Mangochi. Pemphero ndi chipatala sizilimbana: a St John of God, amene amasamalira odwala maganizo ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi a Mpingo wathu womwewu.

Pamsonkhano wa mwezi uno tikambirane: ndani wasowa pakati pathu kwa masabata angapo, ndipo ndi amayi awiri ati amene akamuone Lamulungu lisanafike?